Mwana wapsa ndi phala ku Senga Bay: kodi tivomere kuti akamuike khungu ku Lilongwe?

Azakhali a mwana wopsa, Senga Bay

Ndikupempha nzeru kwa onse ogwira ntchito zachipatala ndiponso kwa makolo amene anadwazikapo munthu wopsa. Mwana wa mchimwene wanga, mtsikana wa zaka 3, anapsa ndi phala m'mawa wina kumayambiriro kwa mwezi uno wa June, pamene anasendera pambaula kuti aothe moto n'kukoka poto. Phala linamukhuthukira kuyambira paphewa lakumanzere, kutsikira m'khwapa ndi m'mbali mwa chifuwa, mpaka pachigongono ndi pamkono. Mayi ake anali kumjigo. Amene anali pafupi ndi agogo ake, ndipo iwo anamuvula malaya msanga n'kumupaka dzira laliwisi ndi Colgate, monga mmene ambiri kuno timachitira. Madzi sanamuthire, chifukwa amakhulupirira kuti madzi ndi amene amatulutsa matuza.

Mwanayu anagonekedwa m'chipatala tsiku lomwelo, anamuika dripi, ndipo akhala akumutsuka bala n'kumupaka mankhwala oyera asanalimange. Tsopano tili m'sabata yachiwiri. Paphewa ndi pamkono, pamene panali matuza, pafiira ndipo pakuoneka kuti pakuuma bwino, ngakhale kuti mwana amalira kwambiri akamugwirapo. Koma m'khwapa ndi mkati mwa chigongono muli malo oyera, olimba, amene sakusintha, ndipo akawakhudza mwana sakulira. Adokotala atiuza kuti malo amenewo anapsa mozama, sangapole bwino paokha, ndipo akufuna kutitumiza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kuti akachotse khungu pantchafu n'kuliika pabalapo.

Apa ndi pamene banja lagawanika. Agogo akuti malo oyerawo ndi amene ayamba kupola, umboni wake ndi woti sakuwawanso, ndipo sakuona chifukwa chomupatsira mwana bala lachiwiri loyamba lisanapole. Akuopanso kuti akamudula pantchafu adzatsimphina moyo wake wonse. Akufuna kuti mwana atuluke akamusamalire kumudzi ndi mankhwala azitsamba. Mlamu wanga, mayi ake a mwanayu, akungolira, ndipo mchimwene wanga, pokhala mkamwini pamudzipo, sakufuna kuoneka ngati akuderera apongozi ake. Amalume a mwana, amene ndi eni mbumba, anena kuti agamula akamva bwinobwino. Ine monga azakhali mawu anga ali ndi malire, koma ndikufuna kuti pokakhala pansi ndikhale ndi mfundo zoona.

Kodi n'zoona kuti bala losawawa ndi limene lili loopsa? Kodi opaleshoni yoika khungu imachitika bwanji, ndipo ntchafuyo imapola? Nanga madzi tizithira kapena ayi, popeza pamudzipo pali ana ena ang'onoang'ono ndipo mbaula ikuyakabe m'mawa uliwonse? Komanso achibale ena akuletsa mwana kudya mazira, nsomba ndi nsinjiro, ati zimachulukitsa mafinya, moti akungomwa phala lopanda kanthu ndipo wayamba kuwonda.

Namwino wa ku Nkhotakota

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zagwera banja lanu. Ndine namwino, ndipo ndagwira ntchito zaka zambiri m'mawodi a ana ndi a opaleshoni. Balalo sindinalione, choncho mawu omaliza ndi a adokotala amene akuliona tsiku ndi tsiku. Komabe zimene mwafotokozazi zikugwirizana ndi zimene akuuzani, ndipo langizo langa ndi lakuti mupite ku Lilongwe musanachedwe.

Khungu la munthu lili ndi gawo lapamwamba lopyapyala, ndipo pansi pake pali gawo lochindikala mmene muli mitsempha ya magazi, mitsempha yomvera ululu, mizu ya ubweya ndi timatumba totulutsa thukuta. Munthu akapsa pamwamba pokha, khungu limangofiira n'kupola m'sabata imodzi. Kutentha kukalowa m'gawo lachiwiri koma osalidutsa, pamatuluka matuza, bala limakhala lofiira ndi lonyowa, ndipo limawawa koopsa chifukwa mitsempha yomvera ululu ili moyo koma yavundukuka. Bala lotere limapola m'masabata 2 kapena 3, popeza khungu latsopano limaphuka kuchokera m'mizu ya ubweya ndi m'timatumba ta thukuta totsala, monga mmene udzu umaphukiranso padambo lopsa ngati mizu yake sinafe. Kutentha kukadutsa khungu lonse, mizu ija imafa pamodzi ndi mitsempha yomvera ululu, ndipo bala limaoneka loyera kapena lodera, louma ndi lolimba. Mwana salira akamukhudza pamenepo chifukwa palibenso chomvera ululu. Agogo aona bwino kuti malowo sakuwawa, koma tanthauzo lake ndi lakuti pamenepo ndi pamene papsa kwambiri.

Sizodabwitsa kuti malo ozamawo ali m'khwapa ndi mkati mwa chigongono. Phala limamatirira ndipo limasunga kutentha nthawi yaitali kuposa madzi, limadikha m'malo opindika, komanso khungu la mwana wa zaka 3 ndi lopyapyala kuposa la munthu wamkulu.

Bala lozama likasiyidwa limatha kutsekeka, koma limatsekeka kuchokera m'mbali, pang'onopang'ono, pokoka khungu lozungulira. Lingatenge miyezi, ndipo nthawi yonseyo limakhala khomo la tizilombo, limataya madzi ndi zomanga thupi, ndipo mwana amawonda n'kuchepa magazi. Likadzatsekeka, chipsera chake chimakhala chokhuthala ndi chokungika. M'khwapa chimamatiriza mkono kuchifuwa moti mwana amalephera kuukweza, ndipo pachigongono chimapinda mkono moti sungawongokenso. Madokotala amadziwa kuti bala la moto limene silinapole pofika masabata 3 nthawi zambiri limasiya chipsera choipa, n'chifukwa chake akufulumira pamene muli m'sabata yachiwiri.

Opaleshoni yake imachitikira ku fiyeta mwana atagonetsedwa ndi mankhwala, ndipo samva kanthu. Adokotala amayamba achotsa khungu lakufa mpaka atafika pamalo amoyo otuluka magazi. Kenako amasenga kagawo kopyapyala kwambiri ka khungu la pantchafu ndi mpeni wopangidwira ntchito imeneyi. Safika pamnofu kapena pafupa, ndipo mizu ya ubweya imatsala, motero ntchafuyo imapola yokha m'masabata pafupifupi 2. Ndisakubisireni, pantchafupo pamawawa masiku oyamba ndipo pamatsala chigamba chosiyana mtundu ndi khungu lina, koma mwana satsimphina. Khungu losengedwalo nthawi zina amaliboolaboola kuti litambasuke ndiponso kuti madzi a pabala azituluka, kenako amaliyala pabala n'kumanga. Mabandeji amakhala osamasulidwa masiku pafupifupi 5 kuti khungulo ligwire n'kuyamba kulandira magazi, ndipo masiku amenewo mkono suyenera kugwedezeka. Zimachitika kuti mbali ina sigwira ndipo amabwereza. Khungulo liyenera kukhala la mwini wake, chifukwa la munthu wina, ngakhale la mayi ake, thupi limalikana pakapita nthawi. Mukonzekerenso kuti mwana angafunike kuikidwa magazi, ndipo achibale athanzi angapemphedwe kupereka.

Za madzi, chonde uzani mudzi wonse. Matuza amabwera chifukwa cha kutentha kumene kwalowa m'khungu, ndipo kutenthako kumapitiriza kuwononga ngakhale phala litachotsedwa. Chithandizo choyamba ndi kuthira madzi ozizira bwino, a pampopi kapena a pamjigo, mosalekeza kwa mphindi 20. Ngati palibe mpopi, tungani m'ndowa ndi kapu n'kumathira. Madzi amathandizabe ngakhale patadutsa nthawi, malinga maola 3 asanakwane, ndipo amachepetsa ululu komanso kuzama kwa bala. Musagwiritse ntchito madzi oundana, chifukwa amafinya mitsempha ya magazi n'kuwonjezera kuwonongeka. Muziziziritsa bala lokha, thupi lonse la mwana lifundidwe, makamaka nyengo ino ya chisanu, popeza mwana wopsa amazizidwa msanga. Vulani zovala, mikanda ndi zibangili kutupa kusanayambe, koma nsalu imene yamatirira pabala musaikoke. Matuza musawaboole. Phimbani ndi chitenje choyera n'kuthamangira kuchipatala. Dzira laliwisi lingabweretse tizilombo, ndipo Colgate, ufa, phulusa, mafuta ophikira kapena dothi zimabisa bala moti anamwino amayenera kuzipala, zimene zimamuwonjezera mwana ululu. Ngakhale zili choncho, musawadzudzule agogo pagulu. Pomuvula msanga malaya odzaza phala anamuthandiza kwambiri mdzukulu wawo, ndipo zinazo anachita zimene iwonso anaphunzitsidwa.

Bambo wogulitsa nsomba, Chipoka

Mayi, zimene anena anamwinowa ine ndinaziona ndi maso anga. Pali mnzanga amene tinkapita naye panyanja, yemwe amadwala khunyu. Tsiku lina anagwa pamoto pamene tinkawamba nsomba, ndipo anthu amene anali pafupi anachedwa kumukoka chifukwa choopa kuti akakhudza thovu la m'kamwa mwake atenga matendawo. Anapsa dzanja lamanja ndi mwendo. Kuchipatala ananena za opaleshoni, koma abale ake anamutulutsa n'kukamusamalira kunyumba. Balalo linatenga miyezi yambiri likutuluka mafinya, ndipo litapola zala zitatu zinali zitamatirirana n'kupindikira m'chikhatho. Munthu amene ankasoka ukonde mwaluso anafika polephera kugwira nkhafi. Pambuyo pake anamuchita opaleshoni yomasula zalazo, koma sizinabwerere mwakale. Khunyu sapatsirana pokhudzana, ndipo munthu akagwa pafupi ndi moto tiyenera kumukoka nthawi yomweyo. Wodwala khunyu azimwa mankhwala ake tsiku lililonse, ndipo asamasiyidwe yekha pamoto kapena pamadzi.

Pa nkhani ya banja, ndikuona kuti kukangana pakhonde sikungathandize, chifukwa agogo amva ngati akuimbidwa mlandu ndipo aumirira. Pemphani anamwino kuti tsiku lotsuka bala alole amalume ndi agogo kukhalapo, aone okha, ndipo adokotala awafotokozere pamaso. Munthu wamkulu akamva kuchokera kwa adokotala mwaulemu, amavomera mosavuta kusiyana ndi kumva kwa mkamwini. Mchimwene wanu asachite manyazi kunena maganizo ake, koma adutsire kwa amalume.

Ulendo wa ku Lilongwe usakuopseni. Kuchoka ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14, ndipo chithandizo m'zipatala za boma n'chaulere. Ndalama zimapita pa chakudya cha gadiyani ndi pa mayendedwe a achibale, choncho yambani kusonkherana tsopano, chifukwa wodwala wopsa sakhala masiku ochepa m'chipatala. Musaiwale kalata yotumizira ndi kabuku ka kuchipatala ka mwana. Tengani zitenje zingapo zochapa ndi kusita, bulangete, sopo, ndowa, mbale ndi ufa. Ngati n'kotheka pakhale anthu awiri osinthana, chifukwa mayi yekha amatopa, ndipo mayi wotopa amafulumira kupempha kuti atuluke.

Mayi wa ku Lifuwu

Ndawerenga zonse ndipo ndikulemekeza anamwino, koma ndikuwamvetsanso agogowo, chifukwa palibe kholo limene mtima wake sugunda likamva kuti mwana wamng'ono chonchi akalowa ku fiyeta. Ine ndimakazinga usipa wogulitsa, ndipo mafuta otentha anandithovokera pamkono n'kutuluka matuza. Ndinatsuka ndi madzi, ndinkapaka uchi n'kumanga ndi kansalu koyera, ndipo ndinapola bwinobwino popanda kugona m'chipatala. Ndamvanso kuti ngakhale m'zipatala zina amagwiritsa ntchito uchi pa mabala. Kodi sizingatheke kuti ayambe ayesa uchi kwa masabata ena awiri, ndipo opaleshoni ibwere pokhapokha zitakanika? Ndikufunsa ndi mtima wofuna kudziwa, chifukwa kuno ambiri timapsa kawirikawiri ndi mafuta, mbaula ndi koloboyi, ndipo sitidziwa kuti bala loyenera kuthamangira nalo kuchipatala ndi liti, nanga losamalira pakhomo ndi liti.

Namwino wa ku Nkhotakota

Mayi a ku Lifuwu, mwafunsa bwino. N'zoona kuti uchi weniweni umathandiza pa mabala a moto osazama, ndipo achipatala ena amaugwiritsa ntchito chifukwa umalepheretsa tizilombo kuswana komanso umasunga bala lonyowa bwino. Bala lanu linali laling'ono ndiponso la matuza, kutanthauza kuti mizu ya khungu inalipo. Uchi sungameretse khungu pamene khungu lonse lafa. Kudikira masabata ena awiri kungamulowetse mwanayu m'nyengo imene chipsera chimayamba kukoka ndiponso tizilombo takhazikika pabala, ndipo khungu loikidwa pabala la mafinya siligwira bwino. Ndikupemphanso achibale kuti asamamasule mabandeji mobisa n'kupakamo uchi kapena zitsamba. Mankhwala oyera amene azakhali atchula ayenera kuti ndi silver sulfadiazine, amene ntchito yake ndi kuteteza bala ku tizilombo, ndipo kusakaniza ndi zina kumasokoneza anamwino poona mmene bala likuyendera.

Pofuna kudziwa kukula kwa bala, timayeza ndi chikhatho cha wopsayo pamodzi ndi zala zake, chimene chimaimira gawo limodzi pa magawo 100 a khungu lake lonse. Munthu wamkulu amene wapsa malo aang'ono osafika chikhatho, osazama, angathe kusamalira pakhomo potsuka ndi madzi aukhondo ndi sopo, kuphimba ndi nsalu yoyera ndi kumwa Panado. Mwana wamng'ono ndi bwino aonedwe kuchipatala ngakhale bala likuoneka lochepa. Aliyense amene wapsa kumaso, m'manja, kumapazi, kumaliseche kapena pamalo opindika ngati m'khwapa, pachigongono ndi pabondo ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso bala loyera kapena lakuda, bala lozungulira mkono, mwendo kapena chifuwa, kupsa ndi magetsi, mphenzi kapena asidi wa m'batire, ndiponso munthu amene wapsa m'nyumba yodzaza utsi, makamaka ngati mawu asasa kapena m'mphuno muli mwaye, chifukwa kukhosi kungatupe n'kutseka mpweya patapita maola angapo.

Chifukwa china chofulumirira ndi madzi a m'thupi. Mwana akapsa kupitirira magawo 10 pa 100, kapena wamkulu kupitirira magawo 15, madzi amatuluka m'mitsempha kwambiri moti impso zingaleke kugwira ntchito. Timawerengera madzi a dripi potengera kulemera kwa wodwala ndi kukula kwa bala, ndipo theka la madzi a tsiku loyamba liyenera kulowa m'maola 8 oyambirira kuwerengera pa nthawi imene munthu wapsa. Banja limene lagona kunyumba n'kubwera mawa lake lataya maola ofunika kwambiri amenewa. Banja la ku Senga Bay linachita bwino kupita tsiku lomwelo. Bungwe la World Health Organization limanena kuti anthu pafupifupi 180,000 amamwalira chaka chilichonse padziko lonse chifukwa cha kupsa, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka, ndipo kuno kwathu ambiri amene timawagoneka ndi ana aang'ono, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July.

Azakhali, nkhani ya chakudya yandidetsa nkhawa kuposa zina zonse, ndipo isadikire zokambirana za banja. Mafinya amabwera ndi tizilombo, sabwera ndi mazira kapena nsomba. Thupi la munthu wopsa limagwiritsa ntchito chakudya chambiri kuposa masiku onse pomanga khungu latsopano ndi polimbana ndi matenda, ndipo likasowa limayamba kudya minofu yake. Mwana wowonda bala lake limachedwa kupola, ndipo khungu loikidwa siligwira bwino. Mupatseni dzira lophika, usipa wosinja, nyemba, mkaka, soya, phala lothira nsinjiro ndi kamafuta pang'ono, Likuni Phala ngati ilipo, ndi zipatso monga nthochi, papaya ndi malalanje. Popeza sangadye zambiri nthawi imodzi, muzimupatsa pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku. Pemphani kuti amuyeze sikelo, ndipo ngati watsika kwambiri afunseni za chiponde.

Pali zinanso zimene gadiyani ayenera kuyang'anira. Mwana azilandira mankhwala ochepetsa ululu asanayambe kumutsuka bala, ndipo si kulakwa kukumbutsa anamwino mwaulemu. Onetsetsani m'kabuku kuti katemera wa kafumbata ali m'malo. Aliyense asambe m'manja ndi sopo asanamugwire, alendo achepe, ndipo azigona m'neti kuti ntchentche ndi udzudzu zisamufikire. Mukaona thupi latentha, bala likununkha kapena likutuluka zobiriwira, khungu lozungulira likufiira ndi kutupa, mwana akukana kudya, akusanza, akutsekula m'mimba, akukodza pang'ono kapena akungogona, itanani anamwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Kuno kunyanja kutentha thupi kungakhalenso malungo, choncho amayenera kuyezedwa magazi.

Wochititsa odwala mafizo, Salima

Ndikufuna kuwonjezera mbali imene mabanja ambiri amaiwala, chifukwa amaganiza kuti opaleshoni ikatha ntchito yatha. Mwana wopsa m'khwapa ndi pachigongono amakonda kugona atapinda mkono n'kuufumbata pachifuwa, popeza ndi mmene ululu umachepera, ndipo mayi wachifundo amamusiya choncho. Tsoka lake ndi lakuti bala limapola motsatira mmene chiwalo chakhalira. Mkono umene wakhala wopinda masabata angapo chipsera chimaumanga momwemo.

Choncho kuyambira panopa, ngakhale musananyamuke, funsani achipatala kuti akuonetseni kagonekedwe koyenera. Kawirikawiri mkono wopsa m'khwapa umagonekedwa motambasukira kumbali, molingana ndi phewa, ndipo chigongono chimakhala chowongoka. Amatha kuika chikhakha kapena chothandizira china choti mkono ukhale momwemo. Mwana amalira ndipo amafuna kuchichotsa, koma gadiyani alimbe mtima. Kwa ena amene akuwerenga, wopsa pakhosi sagonera pilo kuti chibwano chisamatirire pachifuwa, ndipo zala zopsa zimamangidwa chilichonse pachokha kuti zisalumikizane.

Akaika khungu, mkono umakhala chete mpaka adokotala atanena kuti lagwira. Zikatero mafizo amayamba, ndipo amapitirira kunyumba kwa miyezi yambiri. Mwana wa zaka 3 sangamve malamulo, choncho timadzera m'masewera. Mayi amanyamula mpira kapena nthochi m'mwamba kuti mwana aitole ndi mkono wopsawo, amaomba naye m'manja pamwamba pa mutu akuimba nyimbo, amamuuza kuti aloze mbalame kapena ayanike kansalu pachingwe. Kuchita zimenezi kangapo patsiku, tsiku lililonse, kumaposa kuchita kwambiri kamodzi pasabata. Chikhakha cha usiku chimapitirirabe ngakhale masana mwana akusewera momasuka.

Khungu latsopano limakhala louma ndi loyabwa, chifukwa silitulutsa mafuta ngati lakale. Bala likatsekeka lonse, muzilipaka Vaseline kapena mafuta odzola opanda fungo n'kumasisita chipsera ndi chala mozungulira, motsindika pang'ono, kawiri kapena katatu patsiku. Wengani zikhadabo za mwana kuti asadzikande mpaka kutuluka magazi, ndipo kuyabwa kukanyanya kuli mankhwala ake kuchipatala. Dzuwa la kuno ku Salima ndi laukali, choncho kwa chaka chathunthu azivala malaya opepuka a manja aatali, ndipo pantchafu pazikhala pophimba. Musadabwe chipsera chikayamba kukhuthala ndi kutukuka m'miyezi yoyamba, chifukwa chimatenga chaka chimodzi kapena ziwiri kuti chikhazikike ndi kufewa. Chinanso n'chakuti mwana amakula koma chipsera sichitambasuka mofanana ndi thupi, motero mkono umene ukukwera bwino chaka chino ungayambe kukoka akamasinkhuka. Masiku obwereranso kuchipatala musawaphonye, ndipo mukaona kuti akulephera kukweza mkono ngati mnzake, pitani msanga.

Azakhali a mwana wopsa, Senga Bay

Zikomo kwambiri nonse. Tinatsatira nzeru ya bambo a ku Chipoka, ndipo anamwino analola kuti amalume ndi agogo akhalepo potsuka bala. Adokotala anavala magolovesi n'kudina pang'ono pamalo ofiira a paphewa, ndipo panayera kenako n'kufiiranso nthawi yomweyo. Atadina pamalo oyera a m'khwapa sipanasinthe chilichonse. Anafotokoza kuti pamalo oyamba magazi akuyenda, koma pachiwiripo sakufikapo. Amalume avomera, ndipo agogo avomeranso, koma apempha kuti iwo akhale mmodzi wa odikirira mwana ku Lilongwe, zimene tonse tagwirizana nazo. Mwana wayamba kudya dzira ndi phala la nsinjiro, ndipo amuika chothandizira kuti mkono ukhale wotambasuka. Tikudikira tsiku la ambulansi.

Ndatsala ndi funso limodzi kwa anamwino. Tamva kuti munthu wopita ku fiyeta amaletsedwa kudya. Nanga mwana amene mwatiuza kuti azidya pafupipafupi tidzachita naye bwanji?

Namwino wa ku Nkhotakota

N'zoona, Mayi, ndipo lamulo limeneli mulisunge ndithu, chifukwa munthu wogonetsedwa ndi mankhwala akasanza, chakudya chingalowe m'mapapo. Kawirikawiri chakudya, phala ndi mkaka zimasiyidwa maola 6 opaleshoni isanachitike, ndipo madzi akumwa amaloledwa mpaka patatsala maola 2, koma mudzatsatire nthawi imene akakuuzeni kumeneko. Agogo muwafotokozere bwino zimenezi pasadakhale kuti asadzamupatse kanthu mobisa pomumvera chisoni, ndipo zikachitika kuti wadya, auzeni achipatala mosabisa. Madzulo a tsiku lotsogolera opaleshoni mwana adye mokwanira. Ngati tsikulo lafika ndipo nthawi ikupita osaitanidwa, gadiyani afunse anamwino ngati opaleshoni ichitikebe, kuti ngati yasunthidwa mwana adye msanga m'malo mokhala ndi njala tsiku lonse. Akatsitsimuka, achipatala adzakuuzani nthawi yoyambira kumupatsa madzi, kenako phala.